Dzanja la Pakati pa Ulimba

Amene adalakwira Zuze Kampira adali mlamu wake weniweni, Lusiyano Dzongwe, mwamuna wa mlongo wake Felista. Adamulakwira Lachiwiri pa 9 Juni chaka cha 2071, m'holo ya ku Bangula, dzuwa lili paliwombo, anthu akuona.

Tsiku limenelo anthu a m'chigwa cha Shire adaona koyamba makina otchedwa Mlukanyimbo. Mlukanyimbo adalibe nkhope. Lidali bokosi loyera lolekeza m'chiuno mwa munthu, lokhala ndi manja asanu ndi limodzi achitsulo, owonda ngati miyendo ya kakowa. Ukamumvetsa nyimbo kamodzi kokha, ankaisunga pamodzi ndi dzanja la woimbayo: mphamvu yake pomenya, kuchedwa kwake, ngakhale pamene amapumira. Akatero ankatha kuiphatikiza ndi nyimbo ya dziko lina, monga amalukira mkeka wa mlaza wa mitundu iwiri. Amene adabwera naye adali Mayi Pan Hsiu-chin, wopeka nyimbo wochokera ku chilumba cha Taiwan. Mayiyu ankafuna kuti pa chikondwerero cha zokolola chaka chimenecho, nyimbo zakale za kwawo zikumane ndi ulimba wa kuno, patuluke nyimbo imodzi yatsopano.

Zuze sadaitanidwe. Adangomva kwa ogulitsa nsomba, navala jekete lake la ku tchalitchi, nakwera kabaza wodziyendetsa uja amene sapewa maenje ngakhale umuuze kuti msana ukupweteka. Adafika makinawo ali pa ntchito. Manja achitsulo ankathamanga pa matabwa a ulimba, zikho za pansi pake zikuyankha, pomwe mayi wachilendoyo ankaliza chida chake cha nsambo ziwiri, chozungulira ngati mwezi wathunthu. Anthu adangoti kukamwa yasa.

"Ichi n'chiwanda ichi," adanong'ona mayi wina pafupi ndi khomo.

"Chiwanda cha kwanu chimadya magetsi?" adamufunsa mnzake.

Nyimbo itatha, Lusiyano adakwera pa nsanja atavala suti ya ku Blantyre. Adakweza m'mwamba foni yakalekale yong'aluka galasi.

"Muno muli nyimbo zathu zonse, tidazijambula ndisanapite ku tauni," adatero. "Tidali awiri, ine ndi malemu Bitoni Nyamphota. Lero ndatsala ndekha. Ine ndine womaliza."

Zuze adaimirira, maondo akulira. "Awiri? Alamu, mwati awiri?"

Lusiyano adamwetulira, natembenukira kwa mlendo uja. "Awa ndi alamu anga, mayi. Ankatinyamulira zikho tikamapita koimba. Akula, ndiye mutu sukuyendanso bwino."

M'holomo mudadzaza ana a dzulodzuloli, a ku Bangula konko, amene sadamvepo Zuze akuimba. Adaseka. Wina adamugwira mkono mwaulemu n'kumuperekeza kunja ngati agogo osochera.

Tsono ulimba suimbidwa ndi anthu awiri. Ndi chida chachitali cha matabwa a mlombwa, ndipo amakhalapo amuna atatu. Wa kumutu amamenya timatabwa ta mawu aang'ono, wa kumunsi amamenya matabwa a mawu aakulu, ndipo wapakati ndiye amasoka awiriwo, kulowa m'mipata imene anzakewo asiya. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu Bitoni adakhala kumunsi, Lusiyano kumutu, Zuze pakati. Ndipo kwa zaka zonsezo Zuze ankamuuza Lusiyano kuti amathamanga ngati munthu wotsegula m'mimba. N'kutheka kuti nkhani idayambira pamenepo. Koma choona n'chakuti ankathamangadi.

Kwawo kwa Zuze kuli mwambo. Woimba ulimba aliyense amapeka nyimbo yake imodzi, imene amati nyimbo ya dzanja. Akamwalira, anzake otsala amaimba nyimbo imeneyo, koma malo ake amawasiya opanda womenya. Amene wamva nyimboyo ili ndi mipata safunsa kuti wamwalira ndani. Amangonyamula nkhuni n'kuyamba ulendo. Bitoni atamwalira, Lusiyano sadabwere, ati ntchito yachuluka ku tauni. Zuze adakhala yekha pa ulimba wonsewo, akumenya zapakati zokha, kumunsi kuli zii, kumutunso kuli zii. Kuyambira tsiku limenelo funso limodzi lidamukhala pa chifuwa: nanga ine adzandiimbira ndani? Achinyamata ankamvera nyimbo zawo m'magalasi ovala kumaso, ndipo panalibe wofuna kuphunzira. Tsopano ngakhale dzina lake adalifufuta.

Atafika kunyumba adapachika jekete. Mkazi wake Esinati ankasola thonje pakhonde.

"Chitsulo chija mwachiona, bambo a Tereza?"

"Ndachiona."

"Nanga bwanji nkhope ngati mwamwa madzi a nimu?"

"Mlamu wanu wandisandutsa wonyamula zikho."

Esinati adaleka kusola. Adamuyang'ana nati, "Munthu uja ndidamuona kale pa ukwati wa Felista. Adadya chiwindi asanapatse akuluakulu."

Padapita masabata atatu. Zuze ankakhala pansi pa mtondo kuseri kwa nyumba, akumata timabowo ta zikho ndi kansalu koyera ka mazira a kangaude, kamene kamachititsa kuti ulimba uzinjenjemera mawu. Ankakonza chida chimene panalibe woti aimbe naye. Esinati akamufunsa, ankati akuchotsa ulesi m'zala.

M'midzi yonse ya m'chigwamo mudali mizati yochenjeza za madzi. Idali mizati yaitali ya magetsi a dzuwa, ndipo Shire akayamba kukwiya, idali kufuula kuti anthu athawire ku mtunda. Chilimwe idalibe ntchito, choncho okonza chikondwerero adapempha kuti aigwiritse ntchito polawitsa anthu nyimbo yatsopano ija. Mmawa wina wa Lachisanu, mame asanaume, mzati wa pa chitsime udakhosomola, kenaka udayamba kuimba ulimba.

Zuze adagwetsa chikho.

Kumunsi kudali dzanja la Bitoni, lolemera, losafulumira, ngati kuti mwiniwake sadagone m'manda zaka zisanu. Kumutu kudali Lusiyano, akuthamanga monga kale. Ndipo nyimboyo idali "Madzi Abwerera," nyimbo ya dzanja ya Zuze mwiniwake, imene adaipeka ali mnyamata chaka chimene adapezanso munda wa bambo ake utatuluka m'madzi. Lusiyano adasankha yokoma kuposa zonse. Koma pakati panalibe kanthu. Paliponse pamene dzanja la Zuze lidayenera kulowa padali mpata, mpata, mpata, ngati m'kamwa mwa nkhalamba.

Esinati adatulukira akuthamanga, mtsuko udakali m'manja. Ataona mwamuna wake ali tsonga pansi pa mtondo, adakhala pansi pomwepo.

"Mayo ine! Bambo a Tereza, ndimayesa mwagwera kuseri kuno!"

"Ndiye mukumva," adatero Zuze pang'onopang'ono. "Ndafa."

"Musalankhule choncho!"

"Si ine ndikulankhula. Mizati yonse kuyambira kuno mpaka ku Marka ikulankhula. Chitsiru chija chachotsa dzanja langa kuti asandidziwe. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi za ku tauni zamuiwalitsa kuti kuchotsa dzanja la munthu pa nyimbo yake n'chiyani."

Adaimirira, nasasa fumbi, nalowa m'nyumba. Adayala mphasa kuchipinda, nagona chagada, manja pa chifuwa.

"Mukutani tsopano?"

"Ndikufuna ndione amene abwere."

"Ine bodza sindinena nawo."

"Musanene kanthu. Ingokhalani pakhonde ndi nkhope yanu ya masiku onseyo, ikwanira."

Oyamba kufika adali amayi a m'mudzi momwemo, akulira kuchokera kutali. Kenaka adafika a tsidya la dambo, mitolo ya nkhuni pamutu, ena ndi mabeseni a ufa. Zuze ankasuzumira pa mng'alu wa zenera n'kumawerenga. Adabwera a Tchale, amene adakangana naye za malire a munda, ndipo adalira mpaka kutsamira mtengo. Adabwera asodzi a ku Elephant Marsh, matope adakali m'miyendo. Adabwera azimayi amene adavina ulimba wake pa maukwati awo, tsopano ali ndi imvi, atagwira zidzukulu zimene zinkafunsa kuti womwalirayo adali ndani. Ndipo amayiwo ankayankha akusisima kuti adali wapakati, wapakati weniweni, wina ngati ameneyo sadzapezekanso.

Zuze adali atakhala zaka zambiri akukhulupirira kuti anthu adamuiwala. Atafika pa mazana awiri adasiya kuwerenga, chifukwa maso adayamba kuchita nkhungu.

Esinati adapirira mpaka dzuwa litakwera. Amayi atayamba kukankhana kuti alowe akaone mtembo, adaimirira pakhomo nati, "Ine ndatopa. Maliro anuwo ali m'katimo, akusuzumira pa zenera."

Nthawi yomweyo galimoto yoyandama ya okonza chikondwerero idatera pa bwalo, fumbi koboo. Woyamba kutsika adali Felista, chitenje chili m'manja, akufuula, "Achimwene anga ine! Achimwene!" Pambuyo pake padatsika Mayi Pan, kenaka Mlukanyimbo akudziyendetsa pa matayala ake, manja atawapinda. Womaliza adali Lusiyano, amene ankayenda ngati nsapato zamuthina.

Zuze adatsegula chitseko, natuluka, naima pakhonde.

Padali chipwirikiti. Ena adathawira m'mapira, ena adagwa chagada, a Tchale adataya ndodo n'kudumpha mpanda ngati mnyamata. Felista adaima chiimire, kenaka adathamanga, namumenya mchimwene wake pa phewa, namukumbatira, namumenyanso.

"Mukufuna kundipha, achimwene?"

"Funsa mwamuna wako amene wayamba kupha mnzake."

Anthu atakhazikika, ena akuseka ena akupukutabe misozi, Mayi Pan adayandikira. M'khutu adavala kamkanda kotchedwa kamasulira, ndipo akalankhula chilankhulo cha kwawo, mawu a Chichewa ankatuluka pa kabatani ka pa kolala yake. Adawerama kwambiri.

"Bambo, nyimbo itangoyamba, amayi okalamba amene amasesa m'holo adataya matsache n'kuyamba kulira. Ndidawafunsa chifukwa chake. Adati wapakati wamwalira. Ine ndidafunsa kuti wapakati wake uti, pakuti ndidauzidwa kuti oimba adali awiri."

"Funsani chitsulo chanucho," adatero Zuze. "Akuti chili ndi makutu."

Mlukanyimbo adayankha ndi mawu ofatsa, omveka kwa aliyense. "M'foni muja ndidamva oimba atatu. A Dzongwe adandiuza kuti wapakatiyo adali wophunzira amene ankasokoneza, ndimuchotse. Ndidamuchotsa. Ndidanena kuti nyimbo yatsala ndi mabowo. Adati ndi mmene imakhalira."

Maso onse adatembenukira kwa Lusiyano. Iye adavula chipewa, nachizunguza m'manja.

"Alamu, ine za mwambo uja ndidaiwala. Ndikulumbira."

"Ndikudziwa kuti mudaiwala. Mukadakumbuka mukadaba nyimbo ina." Zuze adaloza khamulo ndi chibwano. "Koma zikomo, alamu. Mwandiitanira anthu. Awa onse abwera kudzalira wonyamula zikho."

Kuseka kumene kudabuka pamenepo kudali kosiyana ndi kwa m'holo kuja. Felista adamuyang'ana mwamuna wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati, "Galimoto iyi simukweranso. Muyenda pansi, muziganiza bwino m'njiramo."

Nkhuni zidalipo kale, ufa udalipo kale, ndipo panalibe amene adafuna kubwerera nazo. Amayi adasonkha moto. Amuna anayi adanyamula ulimba wa Zuze n'kuuika pansi pa mtondo. Mlukanyimbo adafika pambali pake, natambasula manja awiri kumutu, awiri kumunsi. Awiri otsalawo adawapinda kumbuyo.

Zuze adakhala pakati. Adaona zala zachitsulo kumanzere ndi kumanja.

"Chitsulo iwe, sundimenya nazo zimenezi?"

"Ayi, bambo."

"Bitoni umamuchita bwanji? Wamutsekera m'bokosimo?"

"Iwowo mulibe muno. Ndili ndi mayendedwe a dzanja lawo okha."

"Chabwino. Yamba. Koma uyu wa kumutuyu umugwire, amathamanga."

"Ndimuchedwetse pang'ono?"

Zuze adaganiza. "Ayi, musiye. Akasiya kuthamanga sindimudziwanso."

Adayamba. Dzanja la Bitoni lidagwa, gu, gu, ndipo dzanja la Zuze lidalowa lokha m'malo mwake, osaliuza. Mipata yonse idatsekeka. Amayi amene adabwera kudzalira adamanga zitenje m'chiuno n'kulowa m'bwalo. Zuze sadayang'ane kumanzere, chifukwa ankadziwa kuti akayang'ana aona chitsulo, pamene khutu linkamuuza kuti mnzake wakhala pomwepo.

Nyimbo itatha, Mayi Pan adakhala pa mphasa, chida chake chozungulira chili pa miyendo. Adaoneka wamanyazi.

"Ndiulule, bambo. Nditamva mabowo aja ndidakondwa. Ndidaganiza kuti ndi malo osiyira alendo. Nyimbo yanga yonse ndidailemba kuti ilowe m'menemo."

"Amenewo ndi malo anga, mayi. Muli munthu."

"Ndaona. Ndiye ine ndikhale pati?"

Zuze adamuuza kuti aimbe kaye za kwawoko amve. Mayiyo adaliza nsambo zake ziwiri, naimba ndi mawu okoka, okwera mwadzidzidzi n'kutsikanso, ngati munthu akuitana wina tsidya la mtsinje. Adafotokoza kuti kum'mwera kwa chilumba chawo, kumene mphepo imaomba kuchokera m'mapiri miyezi yambiri, achibale amaimba chotere mtsikana akamachoka kupita ku banja, ndipo mawu ake amapeka pomwepo, aliyense zakukhosi kwake.

"Alendo akamva amayesa pali maliro," adatero, "pamene pali ukwati."

"Ndiye ndife amodzi," adayankha Esinati ali pa moto. "Ife tabwera ku maliro, tapeza gule."

Zuze adakanda chibwano. "Nyimbo yanuyo si yolowa m'mipata. Ndi yaitali. Ife tikhale madzi, inu mukhale bwato. Muziyenda pamwamba."

Adayesa. Koyamba zidagundana, ndipo Zuze adaimitsa n'kunena kuti zikumveka ngati mbuzi ziwiri pa chingwe chimodzi. Matabwa a ulimba adasemedwa motsata khutu la kuno, nsambo zija zidakungidwa motsata khutu la kwawo. Mlukanyimbo adati angathe kuwerengera kuti matabwa apalidwe pati kuti zigwirizane. Zuze adayika dzanja pa ulimba nati amene akhudze thabwa limodzi ndi mpeni ayambe wapala iyeyo. Mayi Pan adaseka, napotokola zikhomo za chida chake pang'onopang'ono, khutu lili pa chikho, mpaka nsambo yake idagona pa mawu a thabwa lachisanu la Bitoni. Atayesanso, ngakhale a Tchale, amene adali atabwerako kothawa kuja, adavula chipewa.

Adakonzekera masabata asanu ndi limodzi pansi pa mtondo womwewo. Mayi Pan adalembanso nyimbo yake yonse, nawonjeza zitoliro ndi oimba pakamwa makumi awiri, theka akuimba m'Chisena, theka m'chilankhulo cha kwawo. Atsikana awiri a m'mudzimo, amene adabwera tsiku la maliro lija ndi agogo awo, adayamba kufika masana aliwonse, ndipo Zuze adawapatsa timitengo tomenyera akung'ung'udza kuti ali ndi manja ngati mipini.

Asanapite ku chikondwerero, Zuze adaitana Mayi Pan ndi makina ake.

"Pali chinthu chimodzi. Chitsulo iwe, tamvera. Nyimbo yanga ya dzanja ija usadzaiimbenso popanda ine. Ukafuna kuimba, undiitane. Ndikadwala, udikire."

"Ndamva, bambo."

"Koma lidzafika tsiku limene Esinati kapena Tereza adzakuuza kuti basi. Tsiku limenelo udzaimbe monga udaimbira Lachisanu lija, pa mizati yonse. Manja apakatiwo udzawapinde."

"Dzanja lanu ndalisunga kale. Ndingathe kudzakuimbirani lonse, popanda bowo."

"Ndati udzawapinde."

"Ndidzawapinda."

Mayi Pan adati Mlukanyimbo atsala ku Bangula, sabwerera naye. Zuze adangogwedeza mutu. Madzulo ake adadya bwino, napempha kuti amuonjezere ndiwo, zimene Esinati adati sizidachitikepo chiyambire chaka.

Chikondwerero chidachitika mu Ogasiti. Adaionetsa nyimboyo mpaka ku Taiwan, kumene akuti anthu adadzaza bwalo la m'mphepete mwa nyanja kuonera zithunzi zoyenda m'mlengalenga. Dzina la Zuze Kampira lidalembedwa pakati, la Bitoni kumunsi. La Lusiyano lidalembedwanso, chifukwa Zuze adati dzanja ndi lake ndithu, ngakhale mwiniwake ndi wakuba. Mwiniwakeyo sadaoneke. Adali atabwerera ku Blantyre, ati ku chigwa kukutentha.

Lusiyano Dzongwe adamwalira ku Ndirande chaka chotsatira, mwezi wa Okutobala, ndipo adabwera naye kumudzi. Felista adapempha, choncho Zuze adavala jekete lake, nakhala pakati, naimba nyimbo ya dzanja ya mlamu wake, Mlukanyimbo atapinda manja a kumutu. Mizati yonse idaimba. Koma nyimbo imeneyo anthu adali asanaimve kwa zaka pafupifupi makumi atatu, ndipo ambiri adayesa akuyesa mizati poti mvula yayandikira. Ochokera kutali adabwera asanu ndi anayi. Zuze adawawerenga.